Tinafika ku Magomero popanda Aphunzitsi

Mpando wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala, unali wa Aphunzitsi. Palibe anachita kulamula, zinangokhazikika zokha pa zaka zonse zomwe kagulu kathu ka anthu okonda mbiri yakale kakhala kakuyenda. Ankakhala pamenepo chifukwa cha bondo lawo lakumanzere lomwe silinkalola kupindidwa nthawi yaitali, komanso chifukwa ankakonda kuloza. Phiri lililonse, mlatho uliwonse, ngakhale mtengo wa mbawa wotsala wokhawokha m'mbali mwa msewu, iwo anali ndi nkhani yake.

Loweruka lija la mu Januwale titakumana ku Limbe m'mamawa, tonse tinalowa m'minibasi n'kupanikizana kumbuyo ngati matumba a makala, mpando uja n'kutsala wopanda munthu. Dalaivala anatiyang'ana n'kufunsa ngati pali wina amene tikumudikira. Palibe anayankha. Kenaka mayi wina wa m'gulu lathu, namwino wopuma pantchito, anatenga jumbo ya makope a malemu n'kuiika pampandopo. Tinanyamuka.

Tonse tinkangowatchula kuti Aphunzitsi, ndipo ine ndiwatchula choncho muno. Anaphunzitsa m'sukulu za pulayimale zaka zoposa makumi atatu, ku Chiradzulu, ku Zomba ndi ku Phalombe, mpaka anapuma ali mphunzitsi wamkulu. Ine ndinawadziwira ku laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda cham'mwamba ku Mandala House, nyumba ija inamangidwa mu 1882. Ndinapitako kukafufuza za njanji chifukwa agogo anga aamuna ankagwira ntchito kumeneko. Bambo wina wachipewa cha nsalu, amene anali atakhala pakona ndi kope lake, anandimva ndikufunsa, ndipo anandikodola. Tsiku limenelo ndinachedwa kuntchito ndi maola awiri. Patapita miyezi ingapo tinali anthu asanu, kenaka khumi, pano tilipo khumi ndi atatu: telala, namwino, wapolisi wopuma, mnyamata wa ku koleji, amayi awiri ogulitsa kaunjika, ndi ena otero. Palibe katswiri pakati pathu. Timasonkha mwezi ndi mwezi, ndalama zikakwana timachita hayala minibasi. Mwa njira imeneyi tinakaona nsanja ya wotchi ku Mangochi, zojambula za m'mapanga ku Chongoni ku Dedza, mtengo wa Livingstone ku Nkhotakota ndi chipilala cha asilikali a KAR ku Zomba.

Ku Magomero kokha ndi kumene sitinapite nawo, chikhalirecho ndi kufupi kwenikweni, ndipo ndi kumene iwo ankakufuna koposa. Ulendowu tinausintha katatu. Koyamba kunali kusowa kwa mafuta a galimoto, ndipo apo palibe wolakwa. Kachiwiri unagundana ndi ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Kachitatu, mu Okutobala, ndine ndinaimirira pa msonkhano n'kunena kuti thumba lathu lapepuka, tidikire chaka chitembenuke. Ndine msungichuma wa gululi, ndipo anthu anandimvera. Aphunzitsi anangoseka n'kunena kuti, "Asungichuma, Magomero sathawa. Koma ine musandiwerengere ngati phiri." Tinaseka nawo. Kumayambiriro kwa Disembala anagonekedwa m'chipatala masiku anayi, lachisanu lake uthenga unatipeza.

Pa maliro, kumudzi kwawo, mbiri ya malemu inawerengedwa bwino lomwe: chaka chobadwa, sukulu zomwe anaphunzitsa, udindo wawo kumpingo, ana ndi zidzukulu zomwe asiya. Za makope sizinatchulidwe, ndipo sindikudandaula, poti wowerengayo analemba zomwe ankadziwa. Titabwerera kuchokera kumanda, mayi a kunyumba kwawo anatituma mwana kuti a gulu la mbiri tilowe m'nyumba. Anatulutsa jumbo yakuda pansi pa bedi. Munali makope khumi ndi limodzi a chikuto cholimba, awiri mwa iwo chiswe chitayamba kale kudya m'mphepete. "Awa ndi amene ankandilanda bambo anuwa Loweruka lililonse," anatero mayiwo. "Atengeni. Kuno ana akulungira mandasi." Anayankhula mosaseka, koma mosakwiyanso.

M'makopemo muli zomwe Aphunzitsi ankamva kwa nkhalamba za m'midzi. Ankayenda pa njinga yakapalasa, kukhala pakhonde la munthu tsiku lonse, n'kumalemba. Tsamba lililonse lili ndi tsiku, mudzi, ndi dzina la wokamba. Chichewa chake n'chosakanikirana ndi Chilhomwe ndi Chiyao, monga mmene anthuwo ankayankhulira. Makope asanu ndi a Mbombwe ndi Magomero okha.

N'chifukwa chake tinagwirizana kuti ulendo uchitike ngakhale mvula ili pakati. Tinatenga msewu wa Midima n'kukhotera pa Nguludi Turn-off. Chimanga chinali chitafika m'chiuno, chobiriwira mochita kuda, ndipo phiri la Chiradzulu linali litafunda mtambo mpaka m'mapewa. M'minibasi munali zii. Masiku onse pofika apa Aphunzitsi akanakhala atayamba kale za mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi, yomwe anthu a Chilembwe anaiotcha mu Januwale 1915, ndipo wapolisi wathu wopuma akanakhala akuwatsutsa dala kuti nkhani ikome. Tsikuli wapolisiyo ankangoyang'ana pawindo.

Ku Mbombwe, likulu la Providence Industrial Mission, ambiri timakuonera pa wailesi yakanema pa 15 Januwale, kukadzaza anthu, makwaya ndi magalimoto a akuluakulu. Ife tinafika chikondwererocho chitapita. Panali mbuzi, ana angapo, ndi amayi awiri akusesa pabwalo la tchalitchi. Aphunzitsi ankakonda malo akakhala chonchi. Ankati malo a mbiri ali ngati munthu wamanyazi, sayankhula pagulu.

Zinthu ziwiri zinkawapweteka mutu pa nkhani ya Mbombwe, ndipo ndizinena chifukwa iwo sadzazinenanso. Choyamba, alendo ambiri amajambulitsa kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu cha njerwa chija n'kumauza anzawo kuti ichi ndi tchalitchi chomwe John Chilembwe anamanga. Ayi. Cha Chilembwe, chomwe chinatha kumangidwa mu 1913, asilikali a boma la atsamunda anachiphulitsa atangothana ndi kuukira kwa 1915, ndipo mishoni yonse inatsekedwa. Chomwe chaima lerochi, New Jerusalem Temple, ndi ntchito ya Dr Daniel Sharpe Malekebu, amene anatsegulanso mishoniyi mu 1926. Malekebu anali mwana wa sukulu pa Mbombwe pomwepa. Anatsatira mphunzitsi wake, mayi wachikuda wa ku America dzina lake Emma DeLany, mpaka kutsidya la nyanja, n'kukaphunzira udotolo ku Meharry Medical College ku Nashville. Aphunzitsi ankati Malekebu tamulakwira, chifukwa munthu amene anadzutsa bwinja kwa zaka zambiri, boma likumuyang'ana ndi diso lokayika, timangomutchula modutsa.

Chachiwiri ndi tsiku. Tchuthi ndi pa 15 Januwale, koma kuukirako kunayamba usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, ndipo Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi malire a Mozambique. Tchuthicho iwo analibe nacho vuto. Chomwe chinkawawawa n'chakuti ana ambiri, ngakhale aphunzitsi anzawo, ukawafunsa zomwe zinachitika pa 15 amayankha molimba mtima kuti ndi tsiku lomwe nkhondo inayamba.

Tinakhala pamthunzi, mnyamata wathu wa ku koleji n'kutsegula kope lachitatu. Tsamba loyamba si la Mbombwe. Ndi la agogo awo aakazi a Aphunzitsi, amene anawoloka kuchokera ku Mozambique ali kamtsikana, pamodzi ndi Alhomwe ena ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzakhala pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Malo okhala anawapeza, koma mtengo wake unali thangata. Liwuli kale linali labwino: kuthangatana, kukalima m'munda mwa mfumu kapena mnansi, mowa n'kumwa pamodzi. Pa esiteti linasanduka lendi yolipira ndi thukuta. Pa pepala unali mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Agogowo anafotokoza mmene mwezi unkatalikira: masiku ankawerengedwa okhawo omwe kapitawo walemba, ndipo ukalephera kumaliza ndime ya tsikulo, tsikulo silinkalowa. Ntchitoyo inkagwanso nthawi ya dzinja, pamene munda wako ukufuna khasu. Malipiro nthawi zina anali fodya m'malo mwa ndalama. Amayi amasiye nawo sankasiyidwa. Mnyamatayo akuwerenga, telala wathu, amenenso ndi Mlhomwe, anamukonza katchulidwe ka mawu awiri, ndipo pa liwu lachitatu analephera kupitiriza, anangovula magalasi.

Chilembwe ankaziona zonsezi chifukwa ambiri mwa Akhristu ake ankakhala pa esitetiyo. Anali atabwerako ku America mu 1900, kumene anapita ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Anthu ake akamanga timatchalitchi ta udzu pa malo a Bruce, tinkaotchedwa. Kenaka nkhondo ya ku Ulaya inafika mpaka ku Karonga mu Seputembala 1914, Amalawi n'kumafera mkangano womwe sanauyambe, ndipo mu Novembala iye analemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Boma linailetsa. Patangopita miyezi iwiri, anthu ake ananyamuka usiku, ena kulowera ku Mandala kukafuna mfuti, ena ku Magomero.

Pa nkhani imeneyi ndi pamene ine ndi Aphunzitsi tinakanganapo zenizeni, kamodzi kokha. William Jervis Livingstone, amene ankayang'anira esiteti ya Magomero, anaphedwa m'nyumba mwake mkazi wake akuona, n'kudulidwa mutu. Mutuwo unabwera ku Mbombwe, ndipo Lamulungu m'mawa Chilembwe analalikira uli pomwepo. Tsiku lina ndinanena kuti ine zimenezi zimandikanika kumeza, m'busa sangatero, ndipo mwina ndi bwino tizingozisiya osazikamba. Aphunzitsi anakwiya mpaka milomo kunjenjemera. "Asungichuma, inu mukufuna Chilembwe wa pa K2,000 uja, wovala bwino, wosatuluka thukuta. Ameneyo ndi pepala." Anati ngati tikufuna kumulemekeza, timutenge yense: amene analamula kuti amayi ndi ana a azungu asakhudzidwe, ndipo sanakhudzidwedi, ndi yemweyo amene analalikira pafupi ndi mutu wa munthu. Anawonjeza kuti usiku umenewo sanafe azungu atatu okha, panafanso wantchito wachikuda, ndipo pambuyo pake boma linanyonga ndi kuwombera anthu ambirimbiri, midzi n'kuotchedwa, koma ife timangodziwa maina ochepa ngati la John Gray Kufa. Ndinachoka ndili wokhumudwa, ndipo mwezi wotsatira sindinapite ku msonkhano. Iwo ndi amene anabwera kunyumba kwanga, atanyamula buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, lachikuto chong'ambika, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndisanayankhulenso. Mpaka lero mutu uja umandivuta. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ndimaukamba.

Kuchokera ku Mbombwe tinadzera ku boma la Chiradzulu n'kukatulukira mu msewu wa Zomba. Pa Namadzi tinagula chimanga chootcha ndi nthochi, kenaka tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, womwe mwezi umenewu si wafumbi ayi. Tisanapite patali minibasi inatitimira pa chithaphwi mpaka matayala akumbuyo kubisika. Tinatsika tonse. Anyamata asanu ndi mmodzi anatulukira m'chimanga ngati anachita kutidikirira, ndipo mwina ankatidikiradi. Tinakambirana mtengo, anakankha, matope anatithira tonse, namwino wathu nsapato imodzi inatsalira pansi mpaka mwana wina anachita kuifukula ndi dzanja. Apa ndi pamene tinaseka koyamba tsiku limenelo. Wapolisi anati Aphunzitsi akanakhalapo akanatikumbutsa kuti anthu a Chilembwe anayenda mtunda wonsewu wapansi, usiku, mwezi womwewu, popanda wowakankha.

Magomero ali ndi nkhani ziwiri zosanjikizana, ndipo ya 1915 ndi yapamwamba chabe. Yapansi ndi ya 1861. Mu Julayi chaka chimenecho David Livingstone ankakwera kuchokera ku Shire pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi amishoni anzake a UMCA, akufuna malo oti akhazikike. Pamudzi wa Mbame anakumana ndi mdipiti wa akapolo, ena ali m'magoli, ndipo anamasula anthu 84. Anapitirira nawo mpaka kwa mfumu Chigunda ya Amang'anja, imene inawapatsa malo pamene mtsinje wa Namadzi umakhota n'kuzungulira kamtunda mbali zitatu. Malowo ankaoneka otetezeka ku nkhondo. Ku matenda sanali otetezeka. Anthu anachuluka pa kamalo kochepa, madzi akumwa anali omwewo otayiramo zonyansa, chakudya chinachepa, ndipo kamwazi anayamba kutenga anthu, makamaka ana. Amishoniwo analowereranso nkhondo ya Amang'anja ndi Ayao, bishopu n'kunyamula mfuti, nkhani yomwe inadzetsa mkangano waukulu kwawo ku England. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire. Mnzake wa paulendowo, Henry Burrup, anabwerera ku Magomero atanyamulidwa, n'kumwalira mu Febuluwale. Patangopita miyezi yochepa otsalawo anasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa. Chaka sichinakwane n'komwe.

Chomwe chimamanga nkhani ziwirizi ndi banja limodzi. Alexander Low Bruce, mwini dzina la esiteti ija, anakwatira Agnes, mwana wa David Livingstone. Choncho dera lomwe apongozi anabweretsako anthu omasulidwa m'magoli ndi lomwe mkamwini anadzalitenga, ana ake n'kumayendetsa thangata. Aphunzitsi akafika pamenepa ankasiya kuyankhula, n'kumangokuyang'ana kuti uone wekha. Landeg White analemba buku lonse la mudzi umenewu, Magomero: Portrait of an African Village, lomwe linatuluka mu 1987, ndipo Aphunzitsi ankalilemekeza kwambiri. Ankangodandaula kuti eni mudzi ambiri sangaliwerenge poti lili m'Chingerezi.

Tinasiya minibasi pamene msewu unathera n'kufunsa njira ya kumanda a mzungu wa mishoni. Ana anatilozera kwa bambo wina wachikulire amene anali pakhonde akusoka thumba la feteleza. Tinapereka moni, anatiyalira mphasa, tinafotokoza kumene tachokera. Anavomera kutiperekeza, natenga ndodo yake. Kanjira kake kanali koterera, kodutsa m'minda ya chimanga ndi nandolo, mtsinje ukumveka kumunsi utadzaza ndi madzi ofiira. Tili m'njira bamboyo anati alendo ofuna zakale amabwera mwa apo ndi apo, koma panali mmodzi amene ankabwerabwera zaka za m'mbuyomo, mphunzitsi wa njinga, wachipewa cha nsalu, woyenda motsimphina pang'ono. "Ameneyo ndiye ankafunsa ngati wapolisi. Anakhala ndi mayi anga masiku awiri. Kodi inu a ku Blantyre simukumudziwa?"

Tinaima. Aliyense ankayembekeza kuti mnzake ayankhe. Namwino, poti ntchito yake inamuzoloweza kunena zovuta, ndi amene anati, "Bambo, amenewo ndi Aphunzitsi athu. Anatisiya mwezi wathawu."

Bamboyo anavula chipewa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatigwira chanza mmodzimmodzi, kutipepesa ngati ndife ana a malemu. Pamaliro paja ife tinali opepesa, tinakhala kumbuyo, tinaponya chipepeso chathu m'mbale n'kumva dzina la gulu likulengezedwa. Palibe anatipepesa ife, ndipo sitinaganizepo kuti tikufunika kupepesedwa. Pakati pa munda wa chimanga wa munthu wosamudziwa ndi pamene ine ndinalira maliro a Aphunzitsi.

Titafika pa manda a Burrup sitinakhalitse. Ndi manda a munthu mmodzi, odziwika dzina, tsiku ndi kwawo. Aphunzitsi analemba m'mphepete mwa tsamba lina kuti pa kamtunda kameneka panaikidwa anthu ambiri omasulidwa aja, ophedwa ndi kamwazi ndi njala, koma palibe mwala ngakhale umodzi wa iwo. Mmodzi mwa ana omwe anapulumuka anali Chuma, mnyamata wa Chiyao, amene anadzayenda ndi Livingstone mpaka imfa yake kwa Chitambo mu 1873, ndipo pamodzi ndi Susi anatsogolera anthu onyamula mtembowo mpaka kunyanja ya mchere ku Bagamoyo. Chuma timamudziwa chifukwa ananyamula mzungu wotchuka. Anzake omwe ankasewera nawo m'mbali mwa Namadzi anapita ndi maina awo.

Pobwerera bambo uja anatiuza chomwe chinali kumtima kwake. Anati Aphunzitsi analonjeza kuti adzabweretsa pepala la zomwe mayi ake ananena, kuti zidzukulu zidzawerenge. Mayiwo anamwalira kalekale. Iye anadikira, kenaka anangoti mwina mphunzitsi uja anaiwala, poti anthu a m'tauni ndi otanganidwa. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake Aphunzitsi ankaumirira za Magomero chaka chonse chatha, ndi chomwe ine ndinawalepheretsa ndi nkhani yanga ya thumba lopepuka. Njinga anali atasiya kukwera chifukwa cha bondo lija. Ankadalira minibasi yathu.

Mnyamata wa ku koleji anathamangira ku galimoto kukatenga jumbo. Tinafunsa dzina la mayiwo n'kuyamba kusanthula. Tinalipeza mu kope lachisanu, masamba asanu ndi awiri olembedwa ndi inki yabuluu yomwe yayamba kufufuma. Kumapeto kwake kunali kamtanda kofiira ndi mawu akuti akabwezere mwini wake. Titayang'ana bwino tinaona kuti timitanda totere tilipo tambiri m'makope onse, tina tokhwatchidwa kusonyeza kuti ngongole inabwezedwa, tina ayi. Tosakhwatcha tinawerenga khumi ndi tinayi.

Tinakhala pakhonde paja, mnyamatayo n'kuwerenga mokweza. Mayiwo anakamba za mayi awo omwe ankathyola thonje pa esiteti, za usiku womwe anthu anathawira kuthengo atamva kuti bwana waphedwa, za asilikali omwe anabwera pambuyo pake, ndi za nyimbo yomwe amayi ankaimba posinja yonyoza kapitawo wina. Anakambanso zinthu zomwe wolemba mabuku akanazitaya: mtundu wa mapira omwe ankalima kale, dzina la chitsime chomwe chinauma, mkangano wa malire a munda ndi banja lina. Aphunzitsi analemba zonse. Pomwe kuwerenga kumafika pakati, pakhondepo panali patadzaza. Mdzukulu wina wamkazi, mwana ali kumsana, anaseka mokweza pa nkhani ya malire ija n'kunena kuti mkanganowo ulipobe mpaka lero. Bambo uja sanayankhule kanthu. Ankangogwedeza mutu pamene mawu akumveka ngati a mayi ake.

Wina anati tingojambula masambawo pa foni, tikasindikize ku Limbe, tidzatumize. Ndinakana, mwina mokweza kuposa mmene zinafunikira. Mawu akuti "tidzabweretsa" anali atanenedwa kale kamodzi pakhonde limeneli. Tinatuma mwana kukagula kope la sukulu pa kawokala, ndipo mnyamata wathu ndi mmodzi wa amayi a kaunjika anasinthana kukopera, liwu ndi liwu, telala akuwathandiza pa Chilhomwe. Zinatenga ola ndi theka. Mvula inayamba, dalaivala ankaliza hutala poopa chithaphwi chija, koma palibe anadzuka. Eni nyumba anatiphikira maungu. Atamaliza, namwino anatulutsa cholembera chofiira m'chikwama chake n'kundipatsa ine. Ndinakhwatcha kamtanda kaja.

Za komwe makopewa akakhale sitinagwirizanebe. Wapolisi akuti apite ku National Archives ku Zomba, kumene chiswe sichingawapeze. Telala akuti akalowa kumeneko ndiye kuti mdzukulu wa ku Magomero sadzawaonanso, poti ndani wa kumudzi angakwere basi kukapempha kope m'maofesi? Ena akuti laibulale ya ku Mandala, pomwe tinakumanirana. Mwana wamkulu wa malemu naye waimba foni kuti banja likufuna liganizirenso. Onsewa ali ndi mfundo, ndipo ine maganizo anga ndi akuti makope enieniwo apite kosungika, koma pokhapokha titakopera zonse ndi kubweza timitanda totsala. Pakadali pano ali kwa namwino, m'chitini cha mabisiketi chomwe wathiramo mankhwala a njenjete.

Chithaphwi chija tinachiwoloka ndi anyamata omwe aja, pa mtengo wokwererapo poti kunali kutada. Tili mu msewu wa tala ndinatsegula buku langa la zopereka kuti ndiwerengere zotsala. Pa mndandanda wa ulendo wa ku Magomero, dzina loyamba ndi la Aphunzitsi. Anapereka K5,000 yawo mu Ogasiti, onse asanayambe, ndipo ndinalemba ndekha pambali pake kuti alipira. Ndinawerengera gulu mokweza. Tinagwirizana kuti ndalamayo igule makope a sukulu khumi ndi atatu, ndipo ikapanda kukwana ndiwonjezera ine.

Mudzi wotsatira pa timitanda tija uli kufupi ndi Mbombwe, wina uli ku Phalombe, iwiri ili kutsidya kwa Namadzi komwe minibasi singafike mpaka mvula itasiya. Tayamba ndi wa ku Mbombwe, Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Thumba ndi lopepuka kuposa mmene linalili mu Okutobala, ndipo dalaivala wanena kale kuti mtengo wakwera chifukwa cha matope. Ndamuuza kuti atipeze pa malo omwe aja 6 koloko m'mawa.